Mphindi Zinayi Pakati pa Nsomba ndi Nyama

Lachiwiri, 22 Epulo

Mphepo ya kumadzulo tsiku lonse. Pantoni yaoloka maulendo khumi ndi awiri, magalimoto ochepa, ambiri a Ajeremani obwerera kwawo Pasaka itatha. Phewa likuwawabe.

Uthenga wa Malene pa nkhomaliro. Ulimbitso wa Asta pa 4 Meyi, kutchalitchi 10 koloko, chakudya 1 koloko ku hotela ya pamchenga, m'Chipinda Chobiriwira. Munthu amene anali mkazi wanga zaka khumi ndi chimodzi, kundikumbutsa tsiku la mwana wanga yemwe. Anthu 32. A mbali yanga, ine ndekha. Akufunsa ngati ndibwera ndi munthu. Munthu wake uti? Vagn, mnzanga wa kuntchito pa pantoni, ndi jekete yake yonunkha dizilo?

Chipindacho anachigwira ndi Ulrik, zaka ziwiri zapitazo. Mwamuna wa Malene, dokotala wa mano, zinthu amaziganiza zikadali kutali. Zikanakhala za ine ndikanakumbukira mu Malichi, tikanakadyera m'holo ya mpira wamanja. Zonse alipira iye. Ndinati ndiikepo kanga, anandigwira paphewa, lomwe likuwawali, ati "Achimwene, inu mungobwera ndi mtima wanu."

Madzulo Ulrik waimba foni. Iye ndiye woyendetsa mwambo. Akulemba ndandanda ya olankhula yopereka kukhitchini, kuti ophika adziwe nthawi yotulutsa mbale. Bambo a mwana ndiwo amayamba, nsomba ikachotsedwa, nyama isanafike. "Ndikulembereni mphindi zingati, achimwene?"

Mphindi zingati. Kufunsa munthu wachibwibwi. Ine kugula khofi kokha kumandidyera mphindi yathunthu. Ndinakakamira pa foni mpaka anadziyankha yekha kuti zinayi.

Papepala pano ndiye ndimathamanga. Palibe wondidikira, palibe woyang'ana kumbali.

Lachinayi, 24 Epulo

Tsiku la Asta, Lachinayi lililonse amabwera kwa ine. Wafika ndi basi ya 4 koloko, tsitsi lili m'maso, chikwama phi pampando. Ndinaphika nyama zoumba ndi mbatatesi, msuzi wambiri monga amakondera. Watalika mwana uyu. Wandifika pachibwano.

Tikudya ndinayamba kumuuza za mphindi zinayi zija, ndimati tisekere limodzi. Sanaseke. Maso pa mbale, foloko ikukankha mbatatesi uku ndi uku. "Adadi, sikuti mpaka mulankhule ayi. Palibe angadandaule." Patapita kanthawi, "Ine sindingadandaule."

Ndinafuna kufunsa chifukwa. Liwu linakana kutuluka. Mmene linkatuluka n'kuti iye ali kale pa foni yake.

Chifundo kapena manyazi? Ndatsuka mbale funso limeneli lili pakhosi. Ali wamng'ono ankandidikira. Ndikakakamira, ankaika kadzanja patsaya langa n'kumangondiyang'ana, osafulumira. Sanandimalizirepo mawu ndi tsiku limodzi lomwe. Koma mwana wa zaka zinayi si mwana wa zaka khumi ndi zinayi. Tsopano ali ndi anzake, ali ndi nyumba ya mawindo akuluakulu, ali ndi Ulrik amene akatsegula pakamwa anthu amaika mafoloko pansi.

Ngati ndi manyazi sindimuimba mlandu. Koma ndilembe momwe zilili. Zandipweteka kwambiri.

Ndinamuperekeza ku basi. Anandikumbatira ndi dzanja limodzi, lina lili m'thumba.

Loweruka, 26 Epulo

Tchuthi. Ndinapita kukaona chipinda. Ndi bwino kuyamba waona dzenje lomwe ukagweremo.

Hotela imeneyi ndaidziwa kuyambira ndili mwana, koma chakunja. Malemu amayi anasita nsalu zake za patebulo zaka makumi awiri, kunyumba kwathu, galimoto ikubweretsa m'mawa n'kudzatenga madzulo. Pakhomo lakutsogolo sanalowepo. Ine lero ndalowa, nditapukuta nsapato kawiri.

Woyang'anira chipinda ndi Mayi Bodil. Afupi, imvi zometa, magalasi pa chingwe. Zaka 27 m'chipinda chimodzi chomwechi. Ndinadzitchula dzina. Dzina langalo, Torkild, linanditengera nthawi monga mwa masiku onse. Anadikira, manja kumbuyo, osayang'ana pansi, osamwetulira. Anthu otere ndi owerengeka.

Masitepe asanu ndi atatu kuchokera kodyera anthu onse. Makoma obiriwira ngati botolo. Tebulo limodzi lalitali. Mawindo atatu, panja mchenga, udzu, nyanja. Chitseko chokhuthala, ukangotseka phokoso lonse la hotela zii. Kapeti yomeza mapazi. Eni ndalama amalipira chete ameneyu. Kwa ine ndiye mdani, m'chipinda chotere chibwibwi chimamveka mpaka pakona.

Anandionetsa pepala la malo okhala. Asta pakati, Malene kumanja kwake, ine kumanzere. Apo zili bwino. Koma mbali yanga inayo Mayi Agnete, amayi ake a Ulrik. Zaka 81, makutu akuthwa, mtima wabwino, ndipo sangapirire kuona munthu akulimbana ndi liwu. Pa tsiku lobadwa la Asta chaka chatha ndinati "Ndipatseniko m... m..." iwo "Mchere!" Ndinkafuna mkate. Ndinathira mchere.

Ndinawafunsa Mayi Bodil kuti nyama ingadikire mpaka pati. "Zalembedwa zinayi. Ine ndingakugwirireni mpaka zisanu ndi ziwiri. Kupitirira apo wophika wathu amaponya mapoto." Kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Nanga nyimbo simulemba, bambo? Azakhali awiri alembetsa kale zawo."

Nyimbo! Ndinatuluka ndikudzitukwana. Ndakhala pa maphwando angati ine, pepala m'manja, tonse tikuyimbira mwini tsiku mawu olemba wachibale pa maimbidwe a nyimbo yodziwika? Osaganizako n'komwe. Chonsecho ine ndikamayimba chibwibwi chimathawa, kuyambira ku sukulu zinali choncho. Ndipo sindikayimba ndekha. Chipinda chonse chikandinenera zomwe pakamwa panga pakanika.

Asta anati ndisalankhule. Za kuyimba sananene.

Lamulungu, 27 Epulo

Kulemba tsiku lonse. Khofi makapu asanu. Mapepala okwinya pansi ponse.

Maimbidwe awiri amene aliyense amathamangira atenga kale azakhali, achemwali ake a Malene. Ine ndasankha "Atsekwe akubwera". Amayi ankaiyimba posita, tsiku lililonse, simbi ikupita, ikubwera. Ndinakula nayo m'makutu. Asta ali khanda, m'mimba mukumuvuta, ndi yokhayo inkamutontholetsa. Ndinayenda nayo mitunda m'khonde la nyumba yathu yakale. Yosavuta, mizere inayi basi. Aliyense amaidziwa.

Ndime zisanu ndi imodzi. Yoyamba yatha bwino:

Unabwera mvula ikugwa,
pantoni itaima tsidya lina.
Ndinaoloka pa bwato la Vagn
kudzakuona, mwana wanga.

Ndipo ndi zoona, ndinafika kuchipatala madzi ali chuchuchu, anamwino anandikalipira. Yachitatu mpaka yachisanu ndi zoseketsa. Mphaka amene anamumeta ndi lumo langa. Njinga imene analowa nayo m'doko. Chipinda chake chomwe pansi pake palibe anapaonapo chiyambire chaka chatha. Yachiwiri ndiyo yandivuta:

Ena onse amathamanga
liwu langa likachedwa.
Iwe unkaika dzanja patsaya
n'kudikira mpaka lifike.

Ndaifafaniza kawiri, ndaibwezera kawiri. Mwina ndi yolemera pa phwando. Mwina ndi kudzivula pagulu. Koma ndikaichotsa imeneyi, zotsalazo angalembe ndi azakhali omwe. Ikhale.

Lolemba, 28 Epulo

Dzuwa. Madzi ali phee. Lole ya nkhumba inatsala pang'ono kundiponda phazi.

Ndinamuyimbira Vagn pakati pa maulendo. Anamvetsera ndudu ili pakamwa. "Mawu ake ndi obaya, aise, ndatsala pang'ono kulira dizilo. Ndipo wanditchula, zikomo. Koma nyimbo yake ndi iti imeneyo?"

Vagn. Nyimbo ya fuko yomwe amaitaya pa mzere wachiwiri. Ndinamuuza kuti azipita ku maphwando. Iye ati amuitane kaye.

Lachitatu, 30 Epulo

Nyimbo sagawa pamanja ngati chikalata cha msonkho, imafuna chobisiramo. Azakhali ndamva agula mabokosi a maluwa apepala. Ine ndasema pantoni. Thabwa la paini lotsala pa shelefu, kutalika kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya zala. Zitseko zake zimatsika ndithu, ndaika timahinjesi. Mapepala 32 opindidwa mozunguliza, omanga ndi ulusi wofiira, afola pamalo pa magalimoto. Pambali ndalemba ASTA. Madzulo awiri, chala chimodzi chochekeka.

Kutauni ku Thisted kukagula suti. Ya ukwati ija inakana kutseka, ndipo ngakhale ikanatseka, sindingavale imeneyo pamaso pa Malene. Mtengo wake ndinayamba ndakhala pansi. Matayala a galimoto adikira mpaka chilimwe chithe.

Ndamulembera Ulrik kuti m'malo mwa mawu kukhala nyimbo, mphindi zomwezo zinayi. Wayankha pompo. "Zabwino zedi, achimwene! Maimbidwe ake ndi ati, ndiyeserere?" Ndati chinsinsi. Sindinafune kuti aiyimbe kunyumba kwawo m'bafa, Asta n'kumva.

Chovuta ndi Ulrik n'chakuti ndi munthu wabwino. Akanakhala woipa bwenzi ndikugona tulo tabwino. Amamutengera mwana ku mpira, amamuthandiza masamu, ndipo sanalolepo kuti amutchule bambo. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikumufunafuna chifukwa, sindinachipeze. Mano ake okha ndi oyera mopitirira.

Lachinayi, 1 Meyi

Asta sanabwere. "Pepani adadi, tikukayesa tsitsi ndi amayi. Tionana Lamulungu." Ndi kamtima kofiira kumapeto.

Ndinali nditaphika kale. Ndadya mbale zonse ziwiri.

Kamtima kameneka amatumizira aliyense, ndikudziwa. Ndakayang'anabe kangapo.

Mantha ayamba. Mwana ananena bwinobwino kuti khalani chete, ine ndikubwera ndi chombo chathabwa ndi nyimbo yotchula chibwibwi changa pamaso pa abale onse a Ulrik. Ngati anali manyazi, ndiye ndawathirira feteleza. Ndinatenga foni kuti ndimuuze Ulrik andichotse pa ndandanda. Ndinalemba, ndinafufuta. Ndikakhala chete Lamulungu, woyamba kuimirira ndi iye, pamalo pa bambo. Ndipo adzalankhula bwino.

Loweruka, 3 Meyi

Ndakasiya pantoni ku hotela, yokulunga m'thaulo. Chipinda chayalidwa kale. Nsalu yoyera, matambula atatuatatu pa munthu, mipeni yofola. Mayi Bodil akuyeza mtunda wa mbale ndi chala chachikulu, imodziimodzi, mpaka 32. Dzina langa pa kakhadi, zilembo zopendekeka.

Anatsitsa kachitseko ka pantoni, anakakwezanso, anakatsitsanso. "Iyi ndilowa nayo ndekha pa kangolo. Ana a ntchito angaigwetse." Anapempha kuona pepala limodzi, kuti adziwe kutalika kwake. Anawerenga mpaka pansi, milomo ikuyenda. Pa ndime yachiwiri anachedwapo. Kenako anabwerera pamwamba pomwe ndalemba maimbidwe. "Atsekwe akubwera. Imeneyi ine sindikuidziwa, bambo. Ndipo muno ndamvamo nyimbo."

Ndinawafunsa kwawo. Ati ku Fyn, chilumba cha kutali kum'mwera. Ndiye n'chifukwa chake. Ndinawauza kuti kuno kumpoto ndi mwana yemwe amaidziwa. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nthawi yaitali, anamanganso ulusi.

Nsapato ndapolisha. Malaya ndasita ndekha, ndikuyimba. Ndevu mawa m'mawa.

Amayi, mukanakhalapo mawa. Mukanakhala mbali yanga, tikanakhala awiri.

Lolemba, 5 Meyi

Dzulo sindinalembe. Ndinafika kunyumba, ndinapachika suti, ndinangokhala.

Ndiyambe poyambira. Kutchalitchi ana khumi ndi asanu ndi anayi, Asta wachisanu ndi chimodzi kugwada. Diresi loyera losachuluka zambiri, nsapato zamasewera. Abusa ataika dzanja pamutu pake ndinayang'ana kudenga, apo ayi zikanayambira pomwepo. Panja galimoto yakale ya ku America, yofiira, yopanda denga, zokonza Ulrik. Asta anakuwa ndi chimwemwe. Ine pambuyo ndi kagalimoto kanga, pakati pa azakhali.

M'chipinda maluwa, timbendera, makandulo masana. Nsomba yoyera ndi katsitsimzukwa. Akuti inali yokoma. Mayi Agnete anandimalizira mawu katatu nsomba isanathe, kamodzi analondola.

Mbale zitachoka Ulrik anagogoda tambula ndi mpeni. Chitseko chinatseguka, Mayi Bodil ndi kangolo, pantoni yanga pamwamba. Anthu m'manja. Asta anaona dzina lake pambali, anandiyang'ana, nkhope yake sindinathe kuiwerenga. Pantoni inazungulira tebulo, aliyense kusolola pepala lake. Amalume ena kusewera ndi kachitseko. Mtima unakhalako pansi pang'ono.

Ulrik anaimirira, chifuwa patsogolo, munthu wa kwaya. Anawerenga pamwamba pa pepala. Anakhosomola. Anawerenganso. "Achimwene, apa ndiye mwandipeza. Ndani akuidziwa, atiyambitse?"

Azakhali kuyang'anana. Bambo ake a Malene kupukusa mutu. Wina kufufuza pa foni pansi pa tebulo. Mayi Agnete, amene anabadwira konkuno ndipo nyimbo zonse za kuno zili m'mutu mwawo, anati mokweza, "Nyimbo imeneyi kulibe, mwananga. Ikanakhalapo ndikanaidziwa."

Malene anawerama kumbuyo kwa Asta, nkhope itagwa. Ananong'ona. "Torkild, ndi ija ya amayi ako? Ndinkayesa ukudziwa. Anaipeka okha. Anandiuza ndi pakamwa pawo." Ndipo Malene sakanandithandiza, iye nyimbo siikhala m'mutu mwake, ngakhale ya Khirisimasi.

Safunsa anadya phula. Vagn ananena. Mayi Bodil ananena. Zaka 49 ndikuyesa ndi nyimbo ya dziko lonse, chonsecho inali ya m'khitchini mwathu.

Zii. Chete uja wolipira. Asta sindinamuyang'ane, sindikanatha. Ndinaona Mayi Bodil pachitseko, dzanja limodzi kumbuyo, akuletsa a kukhitchini.

Ndinaimirira. Ndinafuna kunena kuti ndiyamba ine. "Nd... nd..." Mayi Agnete anandigwira mkono. "Ndalakwitsa, akutero. Palibe kanthu mwananga, khalani pansi." Sindinakhale. Ndinangoyamba kuyimba.

Ndime yoyamba ndekha. Mawu anga okha m'chipinda chonse, opanda pobisala. Anatuluka onse, osakakamira ndi limodzi lomwe. Ndime yachiwiri ndinafika pa dzanja patsaya, mawu anandithera. Osati chibwibwi. Chibwibwi ndimachidziwa, ndi mnzanga wakale. Iyi inali misozi basi. Ndinaima pakamwa pali yasa, anthu onse maso pa ine. Mumtima ndinati basi, mwana ndamuchititsa manyazi pa tsiku lake, zimene ankaopa zija ndi izi.

Kenako kumanja kwanga, timawu. Totsika, tonjenjemera, koma pamalo pake penipeni. Asta. Sanandimalizire mzere. Anabwerera poyambira ndime, n'kumayimba pang'onopang'ono kuti ndimupeze. Anaimirira, mpando unagwera pa kapeti. Ndinamupeza pa mzere wachitatu. Ndinkayesa anaiwala kalekale, ndinasiya kumuyimbira ali ndi zaka zisanu.

Ndime yachitatu azakhali kung'ung'udza chapansipansi. Yachinayi, ya njinga m'doko, chipinda chonse, kuyimba ndi kuseka pamodzi. Ulrik anachepetsa mawu ake, anakhala kumbuyo kwa ife awiri. Ndinamva, ndipo ndikumuthokoza, ngakhale sindidzamuuza. Mayi Agnete ndiwo anayimba mokweza kuposa onse, nyimbo yomwe anati kulibe.

Nyama inachedwa mphindi khumi ndi imodzi. Kukhitchini kunamveka kugwa chinthu chachitsulo. Mayi Bodil poika mbale yanga anangoonjezerapo mbatatesi imodzi. Ulrik analankhula nyama itatha. Analankhula bwino, ndipo ndinamuombera m'manja ndi mtima wonse, zomwe zandidabwitsa.

Khofi atatha ndinatulukira kukhonde la kumchenga kukapuma mphepo. Asta ananditsatira. Kunkazizira, ndinamufunditsa jekete ya suti. Ndinamufunsa funso la Lachinayi lija, ngati ananditsekera pakamwa chifukwa cha manyazi. Linanditengera nthawi. Anadikira mpaka liwu lomaliza.

"Manyazi a chiyani? Adadi, inu ndiye simumva zinthu." Maso ali ofiira, utoto wa m'zikope utatsikira m'masaya. "Ndinati musalankhule chifukwa ine ndi amene sindikanapirira. Agogo Agnete akumakulandani mawu, azakhali akuyang'ana mbale, amayi akumwetulira kumwetulira kuja. Ndikanagenda munthu ndi tambula. Pa ulimbitso wanga, abusa atangondidalitsa kumene!"

Ndinaseka mpaka ndinagwira chitsulo cha khonde. Masiku khumi ndasenza katundu amene kunalibe.

Anapukuta mphuno ndi dzanja la jekete yanga yatsopano. "Koma pa ukwati wanga simudzathawira ku nyimbo. Mudzalankhula. Amene adzakumalizireni liwu ndidzamutulutsa ndekha, kaya ndi apongozi."

Ndinamukumbutsa kuti ali ndi zaka khumi ndi zinayi.

"Ndiye muli ndi nthawi," anatero.

Lachiwiri, 6 Meyi

Ndikulemba pa nthawi ya khofi, tsidya lino. Chifunga pang'ono. Ulendo woyamba magalimoto atatu okha ndi thirakitala.

Nditawafoletsa ndinapita kutsogolo, ndinaima moongoka, manja m'mbali. Mokweza, osati moyimba. Wokondedwa Asta. Liwu loyamba linanditenga mpaka pakati pa madzi. Vagn anasuzumira pazenera kufunsa kuti ndikukangana ndi ndani. Ndinati ndikukonzekera ukwati. Ati "Aise, phwando limodzi lokha wapeza kale mkazi?"

Tinafika ndili ndi mawu awiri. Pobwerera ndionjezera lachitatu.